Dzina ndi langa, wolola ndi wina

Abale anga, lero mundilole ndilankhule, mtima wandidzadza. Dzulo ndinaima pawindo la ofesi ya zikalata ya dziko la Iran, kwawo kwa amuna anga, chikwama chili tho ndi mapepala, mpango uli kumutu monga anandiuzira, koma bambo amene anali kuseri kwa galasi sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Anatenga pasipoti yanga, naitembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kulankhula ndi amuna anga m'chinenero chawo. Ine chiimire pomwepo ngati mbuzi pamsika, eni ake akukambirana mtengo. Kenaka anakankhira pepala pansi pa galasi, cholembera chili pamwamba, kulozetsa kwa iwo. Nditafunsa kuti kodi zikutani, amuna anga anandinong'oneza kuti akufunsidwa ngati akulola kuti ine ndizitchedwa dzina lawo.

Ngati akulola! Dzina limene ndakhala nalo chikwatiwire, lili pa baji yanga ya kuntchito, lili kubanki, lili pa kalata ya lendi, lili kusukulu ya mwana, lero likufuna chilolezo cha munthu wina, ndipo mwini wake ndili pompo osafunsidwa kanthu.

Za mashifiti a usiku, za basi ya mbandakucha kukuzizira, za ndalama zimene tinathira m'mafomu a viza chaka ndi chaka, sindikuuzani, inu muli kuno ku Mangalande mukuzidziwa. Ine ndinkati mizere inatha tsiku limene ndinalumbira n'kulandira pasipoti ya kuno. Ndiye apongozi anga ku Shiraz, mzinda wa ku Iran, anayamba kudandaula kuti akukalamba osamunyamulapo mdzukulu wawo, tibwere pa Nowruz, chaka chawo chatsopano chimene chimayamba cha pa 20 kapena 21 Malichi. Ndinati chabwino, ndikatenge viza ngati mlendo wina aliyense. Ayi ndithu. Ndime 976 ya malamulo a dziko la Iran imati mkazi wachilendo akakwatiwa ndi mwamuna wa ku Iran, iyenso ndi nzika ya Iran. Safunsa ngati ukufuna. Ndiye kuti ukwati wathu ukalembetsedwe kwawo, ndipatsidwe kabuku kawo ka chibadwidwe kamene amati shenasnameh, kenaka pasipoti yawo, ndipo ndikalowe ndi imeneyo. Ine mwana wa ku Dedza, amene sindinapondepo m'dzikomo, boma lake limandiwerenga kale ngati munthu wake.

Tsono nkhani ya dzina. Ku Iran mkazi sasintha dzina akakwatiwa. Apongozi anga akalambira pabanja koma amatchedwabe dzina la bambo awo, mwamuna amangolembedwa patsamba lina la kabuku kaja. Zimenezi ine sindikuzinyoza, chifukwa kwathu si mmene zinalili kodi? Agogo anga anamwalira akutchedwa ndi mfunda wawo, Naphiri, palibe anawaitanapo ndi dzina la agogo aamuna. Zotenga dzina la mwamuna zinabwera ndi azungu, ndi mabuku a tchalitchi ndi a boma. Ine ndinalitenga ndi mtima wanga wonse, ankhoswe akuona, ndipo ndikanalitenganso lero. Chimene chikundiwawa n'chakuti boma lililonse likukoka mbali yake. Kuno amafuna kuti munthu wa mapasipoti awiri akhale ndi dzina limodzi ponseponse, choncho ndinavutika kusinthitsa pasipoti ya kwathu kuti ifanane ndi ya kuno, ndalama zinapita, tchuthi changa chinathera m'maofesi. Lero awa akuti adzalemba dzina la bambo anga monga lilili pa setifiketi ya kubadwa, pokhapokha amuna anga asaine kuti akulola. Nanga tikiti ya ndege ndidzagula m'dzina liti? Uchoka kuno ndi pasipoti ina, ukatsika ku Tehran ndi ina, pakati pali Istanbul kapena Doha pomwe wina adzayang'ana mayina awiri, n'kukuuza kuti khalani pambali kaye, mayi, mwana akulira kumsana.

Setifiketi ya kubadwayo nayonso ndi nkhani ina. Ndinabadwira kumudzi, ndani ankapereka masetifiketi nthawi imeneyo? Kwathu zitupa za unzika tayamba kulandira mwaunyinji mu 2017. Amayi anali ndi khadi la kusikelo lokha, nalonso chiswe chinadya pakona pomwe panali tsiku. Khadi la ubatizo lilipo, koma mlembi wa mpingo analemba dzina langa mosiyana ndi la pa setifiketi ya MSCE. Achimwene anayenda kuboma mpaka nsapato kutha, uku akuuzidwa kuti bwerani mawa, uku akuuzidwa kuti bwana apita kumaliro. Pepala litafika kuno, akuti likamasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka, lidindidwe, chidindo chilichonse ndi ndalama. Litabwerako ndinalephera kudzizindikira. Zilembo zawo zikabwezedwa m'zilembo zathu, w ya m'dzina la bambo anga yasanduka v, ndipo palowa o pomwe panalibe. Ndinabadwa mu Julayi 1988, koma pa kalendala yawo ndi 1367. Bambo anga anagona kumanda ndi dzina lawo labwinobwino, lero likupotozedwa ndi munthu amene sanawaonepo, ndipo ndikati konzani, akuti kompyuta ndi imene yalemba.

Koma bambo uja osandiyang'ana n'komwe. Ndimasamala odwala usiku wonse, ndimasainira mankhwala amene akalakwika munthu afa, koma pa dzina langa lomwe siginecha yanga ilibe ntchito.

Pali pepala linanso limene landisowetsa tulo. Ukwati wathu wa kuboma ndi madalitso a kutchalitchi akuti sizikwanira. Pakufunika ukwati wa Chisilamu, ndi kalata yonena kuti ndalowa Chisilamu. Mundimvetse bwino, ndili ndi alamu anga ku Mangochi amene ndi Asilamu, timadya mbale imodzi, sindinyoza chipembedzo cha munthu. Koma ine ndine wa Mvano, ndinabatizidwa, ndimadya mgonero. Amuna anga, amene ngakhale kumzikiti sapita, akuti ndi pepala chabe, aliyense amasaina. Msuweni wawo wina, wodziwa zonse uja banja lililonse limakhala naye, akuti amadziwa munthu amene angatikonzere kalatayo pa mphindi zochepa, bola tilipire. Pepala chabe bwanji? Ndikaime pamaso pa mtsogoleri wa chipembedzo cha eni ake, ndinene ndi pakamwa panga mawu amene sindikuwakhulupirira? Kumeneko ndi kunyoza Mulungu wanga ndi kunyozanso chikhulupiriro chawo. Ndipo ukalembedwa kuti ndiwe Msilamu m'mabuku a dziko limenelo, si nkhani yamasewera, chifukwa kumeneko anthu ochoka m'Chisilamu kulowa Chikhristu amamangidwa. Ndidzabisa Baibulo langa pansi pa sutikesi?

Nditalemba pang'ono za izi pa gulu lathu la amayi la pa WhatsApp, wina anayankha msangamsanga kuti walira mvula walira matope, unkafunanji kwa Mwarabu. Mayi, choyamba anthu a ku Iran ambiri si Aarabu. Chachiwiri, inuyo amuna anu a kwathu komweko anakulandani khadi la kubanki chaka chatha, tinakusonkherani ndife. Wina akuti ingosaina, mkazi amagonjera. Wina akufunsa ngati Iran ndi Iraq ndi dziko limodzi. Kumudzi nako atsibweni akungofunsa kuti mmwenye uja atumiza liti ya feteleza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kodi iwe ukumva bwanji.

Ndipo musaganize kuti ndikuloza chala ku Iran kokha. Lamulo lathu la unzika la 1966 linkati mkazi wa ku Malawi akapeza unzika wina chifukwa cha ukwati, pakatha chaka wataya wa kwawo, pokhapokha atalemba kalata youkana unzika winawo. Mwamuna wokwatira mlendo analibe vuto limenelo. Nyumba ya Malamulo inadzavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018. Kulikonse ndi chimodzimodzi, mkazi ndiye amasunthidwa. Ku Iran komweko mwamuna wachilendo akakwatira mkazi wa kumeneko sasanduka nzika, ndipo ana a mkazi wotero anadikira mpaka lamulo la 2019 kuti mayi wawo aziloledwa kuwapemphera unzika asanakwanitse zaka 18.

Chilolezo chija sichithera pa dzina. Lamulo lawo la mapasipoti limati mkazi wapabanja apeze chilolezo cholembedwa cha mwamuna wake. Amati ife okhala kunja limatipeputsira, koma ukangolowa m'dzikomo ndiwe mkazi wa ku Iran basi, ndipo mwamuna akhoza kuletsa mkazi wake kutuluka. Mu 2015 Niloufar Ardalan, kaputeni wa timu ya dziko ya amayi ya mpira wa futsal, anatsala pakhomo anzake akupita ku mpikisano ku Malaysia chifukwa mwamuna wake anakana. Kaputeni wa dziko lonse! Nanga ine ndine yani? Amuna anga ndi munthu wabwino, amaphika, amasambitsa mwana, dzulo manyazi anawagwira kuposa ine. Koma kubwerera kwanga kwa amayi anga kusadalire ubwino wa mtima wa munthu. Anthu amasintha, anthu amamwalira. Ndime 986 imati mkazi ngati ine angabwerere ku unzika wake wakale ukwati ukatha kapena mwamuna akamwalira, koma wamasiye amene ali ndi ana adikire mpaka anawo akwanitse zaka 18. Ndipo Iran savomereza kuti munthu wake ali ndi unzika wina, choncho pasipoti ya kuno imene ndinaivutikira siingandithandize kumeneko. Nazanin Zaghari-Ratcliffe, mayi wa unzika wa kuno ndi wa ku Iran, anapita ndi mwana wake wamng'ono kukaona makolo, anagwidwa pabwalo la ndege ku Tehran mu Epulo 2016, anabwerera kuno mu Malichi 2022. Amuna anga akuti iwe si wandale, palibe adzakulabadira. Mwina. Koma usiku ndikamuyang'ana mwana ali m'tulo, mawu amenewo sandikwanira.

Mwanayo nayenso ndi wawo kale, chifukwa kwawo unzika umatsata bambo, ndipo mnyamata akafika zaka 18 amamuyembekezera ku usilikali. Ine ndinakulira m'mudzi wa chikamwini, kumene ana ndi a kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Amayi ndikawauza kuti mdzukulu wawo angafunike siginecha ya bambo wake kuti atuluke m'dziko lina, ine mayi wake ndili pomwepo, adzaganiza kuti ndapenga. Onjezanipo kuti makhadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito kumeneko, ndalama uzinyamule m'thumba, ndiponso kuti ukangopondako, kapena ukakhala nzika yawo, njira yachidule yolowera ku America ya ESTA yatsekeka, ukaimenso pamzere wa viza. Mchemwali wanga ali ku Indiana, ndidzamuona bwanji?

Komatu apongozi anga alibe mlandu. Mayi amene uja sanandifunsepo kuti ndisinthe chipembedzo, kapena dzina, kapena kavalidwe. Tikaimba foni ya vidiyo amanditcha mwana wawo, amapsompsona galasi la foni mdzukulu akaonekera. Nditachira anatumiza ndi munthu tizovala toluka okha ndi manja awo otupa aja, ndi kabotolo ka safironi kuti ndizithira mumpunga ndipeze mphamvu. Amayi anga ku Dedza anamunyamula kale mwanayu, anamusambitsa, anamubereka kumsana kupita naye kudimba. Mayi winayu akungoona chithunzi, ndipo mtima wawo ukudwala. Ndikufuna amugwire asanatsikire kuli chete. Ndikufuna mwana wanga adzadziwe kuti ali ndi kwawo kuwiri ndipo konseko amakondedwa.

Ndawauza amuna anga kuti kalata ya chipembedzo sindisaina, ndipo pepala la chilolezo lija asasaine. Anthu a ku Iran amalowa ku Turkey popanda viza, mabanja ambiri amakumanirana kumeneko, ndiye tigula matikiti awiri, a apongozi ndi a alamu anga aakazi owaperekeza, tikakumane ku Istanbul. Ndigwira mashifiti owonjezera mpaka ndalama ikwane. Zonse zikudikira adokotala awo, ngati angawalole kukwera ndege. Akakana, amuna anga apita okha ku Shiraz. Iwo akufuna adzatenge mwana, ine ndakana, tinakangana mpaka pakati pa usiku, tonse tikulira, ndipo nkhaniyo sitinaimalize.