Chenjezo kwa onyoza mafilimu asanatuluke

Ana anga a ku Salima, makamaka inu ochezera pa Kamuzu Road ndi ku Senga Bay foni ili m'manja, khalidwe lonyoza filimu isanatuluke lilekeni. Munthu wangoona kachidutswa kotsatsira ka mphindi ziwiri, kaja amati trailer, basi walemba kale pa Facebook kuti filimuyo ndi zinyalala, osewera ndi mbuli, wotsogolera abwerere kumudzi akalime. Mphindi ziwiri pa filimu ya mphindi 90! Kodi ndiwo amalawira pa fungo?

Tamverani mmene ntchito yopanga filimu imayendera. Kamera ikazimitsidwa, filimu imakhala isanathe. Zithunzi zimatuluka zotuwa ngati zawazidwa phulusa, ndipo ojambula amachita dala kuti adzakonze bwino mitundu pa kompyuta. Mawu ndiye ovuta koposa. Kunyanja kuno mwera ukayamba mu June ndi July, maikolofoni imatola mphepo ndi mafunde kuposa mawu a munthu. Wosewera amayenera kukabwereza mawu ake mu situdiyo, akuyang'ana milomo yake pa sikirini, chiganizo ndi chiganizo mpaka zigwirizane. Kenako amaika nyimbo, kulinganiza phokoso, ndi kulemba mawu omasulira pansi. Tsiku lathunthu padzuwa limabala mphindi zochepa chabe zolowa mufilimu.

Ndiye pali ena amene amaba filimu ntchito ili mkati n'kuiponya m'magulu a WhatsApp. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, moti malo amdima amasanduka timabokosi ndipo nkhope zimafufutika. Ikakhala yojambulidwa ndi foni kuchokera pa sikirini ya wina, mumamvekanso chifuwa cha wojambulayo. Mukatero mumaseka kuti Amalawi sadziwa kujambula, chikhalirecho mwaiwononga ndinu nomwe. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Inunso oika mafilimu m'mamemore khadi ndi m'mafulashi pamsika, dziwani chimene mukupha. Mwini filimu anabwereka kamera, analipira boti, mafuta a jenereta, chakudya ndi malo ogona a gulu lonse. Ndalama zake amayembekeza kuzipeza pa matikiti a tsiku lokhazikitsa filimuyo komanso poigulitsa ku wailesi za kanema. Wailesi sigula pa mtengo wabwino chinthu chimene chili kale m'foni ya aliyense, ndipo holo imakhala mipando yokhayokha. Ngongole ikamukulira, filimu yachiwiri sajambulanso, ndipo wakabaza amene ankanyamula zida, mayi wophika ndi msodzi wobwereketsa boti amataya ganyu.

Lamulo liliponso. Copyright Act ya 2016 imaletsa kukopera ndi kugawa ntchito ya munthu popanda chilolezo, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, likagwirizana ndi apolisi limalanda zida zokoperazo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security, la chaka chomwecho, limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Kutukwana mtsikana wosewera chifukwa cha thupi lake, kapena kumunamizira kuti mbali anaipeza pogona ndi wotsogolera, si nthabwala ayi. Ali ndi makolo amene amawerenga zimenezo. Ngakhale mufufute, wina amakhala atajambula kale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Sindikuti muzingoyamikira chilichonse. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Kasungu, itatuluka mu 2019 anthu anadandaula ndi Chichewa chopindika cha osewera ena ochokera kunja. Amene anadandaula ataonera anali ndi mfundo, chifukwa ankaloza chimene amva ndi makutu awo. Onerani yonse, kenako nenani poyera kuti apa nkhani yazizira, apa mawu sakumveka.

Chomaliza ndi nkhani zabodza. Pa YouTube padzaza ma trailer opangidwa ndi AI, nzeru za kompyuta zopeka zithunzi ndi mawu, kapena olumikiza zidutswa za mafilimu akale, ena olembedwa timawu tating'ono takuti "concept" kapena "fan made", kusonyeza kuti si enieni. Musanagawe, onani ngati kampani yopanga filimuyo yaika vidiyo yomweyo pa tsamba lake, onani tsiku limene inaikidwa, ndipo yang'anitsitsani zala ndi zilembo, chifukwa za AI zimakonda kupindika pamenepo. Uthenga wakuti wosewera wakutiwakuti wamwalira musautumize konse mpaka mutaumva ku banja lake kapena pa wailesi yodalirika.