Golden wattle isiyeni kwawo ku Australia

Maganizo anga pa golden wattle, mtengo womwe dzina lake lasayansi ndi Acacia pycnantha, ndi akuti isachoke kwawo. Kwawoko ndi kummwera chakummawa kwa Australia, makamaka Victoria ndi South Australia, komwe imamera pansi pa mitengo ya bulugamu m'dothi louma, lamiyala, losazama. Musaiyerekeze ndi mthethe wathu: iyi ilibe minga, imatalika mamita 3 mpaka 8 basi. Ngakhale zooneka ngati masambazo si masamba enieni, ndi timapesi ta masamba tomwe tinaphwatalala, tokhota ngati chikwakwa, totalika masentimita 9 mpaka 15. Maluwa ake achikasu, obulungira ngati timipira, ndiwo anaichititsa kukhala duwa la dziko la Australia mu 1988.

Nkhani yonse ili pa njere. Ili ndi chikopa cholimba chosalowa madzi. Nyerere zimaikokera kuuna chifukwa cha kamnofu kamafuta kali pamwamba pake, zikadya kamnofuko n'kuisiya pansi pa nthaka. Imatha kukhala zaka zambiri mmenemo mpaka moto wolusa utadutsa. Kutentha kumaswa chikopa, mvula ikagwa zimamera zambirimbiri nthawi imodzi. Ndiye chifukwa chake ofesa kunazale amathira madzi amene angowira kumene pa njere n'kuzisiya usiku wonse. Zofufuma ndizo amafesa, zosafufuma amazibwereza. Mukaziwiritsa pamoto nthawi yaitali zimapsa n'kufa. Mukafesa zouma mudikira mpaka kutopa. Mbande nazo sizifuna dothi losunga madzi, mizu imaola.

Tsono onani zomwe njere yomweyi inachita ku South Africa. Golden wattle anaibweretsa kumeneko m'zaka za m'ma 1800 kuti igwire mchenga, komanso khungwa lake lili ndi tanini wambiri wofufutira zikopa. Tizilombo tomwe timadya maluwa ndi njere zake tinatsala ku Australia, pomwe moto ku Western Cape umayaka kawirikawiri. Moto ukangodutsa, iyo imamera mothithikana n'kupanikiza zitsamba zachilengedwe zakumeneko zotchedwa fynbos. Popeza ndi ya m'banja la nyemba, imawonjezeranso nayitirojeni m'nthaka yomwe zomera zakumeneko zinazolowera ili yosauka. Mu 1987 anachita kukatenga timavu ta Trichilogaster signiventris ku Australia komweko, timene timaikira mazira m'timaluwa tosaphuka kuti patuluke zotupa m'malo mwa njere.

Abale athu muli ku Cape, mukaiona ikuchita maluwa m'mbali mwa msewu cha mu Ogasiti, ijambuleni chithunzi mutitumizire. Njere zokha musaike m'chikwama pobwera kumudzi.