Mphoto za baseball ku Japan ndi ku South Korea: voti imatsata chikho kapena ntchito ya munthu?

Kuchoka ku Busan, m'dziko la South Korea, kukafika ku Fukuoka, m'dziko la Japan, ndi ulendo wa panyanja wa makilomita pafupifupi 200, ndipo osewera baseball akhala akuwoloka nyanja imeneyi kwa zaka zambiri. Lee Dae-ho, mbadwa ya ku Busan, anasankhidwa kukhala MVP, kutanthauza katswiri woposa onse, mu ligi ya kwawo mu 2010, ndipo patatha zaka zisanu anali atavala yunifolomu ya Fukuoka SoftBank Hawks pomwe ankalandira mphoto ya wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza ya chikho cha Japan. Masewera ake ndi amodzimodzi, ngakhalenso kutalika kwa nyengo sikusiyana kwenikweni, popeza timu ya ku Japan imasewera maulendo 143 pomwe ya ku Korea imasewera maulendo 144. Koma nyengo ikatha n'kuyamba kuwerenga mavoti, zimaonekeratu kuti anansi awiriwa sagwirizana pa tanthauzo la mawu akuti "woposa onse".

Ku Japan kuli maligi awiri, Central ndi Pacific, ndipo iliyonse imakhala ndi MVP wakewake. Ovota ndi atolankhani omwe atsatira masewerawa kwa zaka zosachepera zisanu, ndipo aliyense amalemba mayina atatu: woyamba amapata mapointi 5, wachiwiri 3, wachitatu 1. Palibe lamulo lonena kuti wopambana achokere ku timu yomwe yatenga ligi, komabe chizolowezi chimenechi chinazika mizu kwambiri. Tomoyuki Sugano, woponya mpira yemwe ankasewerera Yomiuri Giants, ndiye mboni yabwino. Mu 2017 iye anapambana masewera 17, ndipo pa ma inning (zigawo za masewera) asanu ndi anayi aliwonse omwe anaponya, adani ankangopeza zigoli 1.59 pa avereji, koma timu yake inathera pa nambala 4, motero mphoto inapita kwa Yoshihiro Maru wa Hiroshima Carp, omwe anali akatswiri a ligi. Chaka chotsatira Sugano anaponya yekha masewera 10 kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo mphoto inapitanso kwa Maru. Mu 2024, ali ndi zaka 35, Giants itatenga ligi, atolankhani omwewo anamupatsa mphotoyo mosanyinyirika.

Kuti munthu wa timu yogonja aswe mwambo umenewu amayenera kuchita zozizwitsa. Wladimir Balentien wa ku Curaçao anachita kumenya ma home run 60 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo n'kupeza chigoli) mu 2013, n'kuphwanya mbiri ya 55 yomwe Sadaharu Oh anaikhazikitsa mu 1964, kuti akhale munthu woyamba kulandira mphotoyi timu yake, Yakult Swallows, ili kumchira kwenikweni kwa ligi. Oikira kumbuyo mwambowu amati luso lopanda chikho ndi mbewu yopanda zokolola, koma ine sindikhutira ndi mfundo imeneyi, chifukwa woponya mpira amalowa m'bwalo kamodzi pa sabata, ndipo si iye amene amasankha anzake omenya mpira kapena kugula osewera.

Ku South Korea kuli ligi imodzi, KBO, yomwe inayamba mu 1982 ndipo pano ili ndi matimu khumi. Kuyambira mu 2016 mpaka mu 2021 nawonso ankagwiritsa ntchito mapointi, koma mu 2022 anabwerera ku njira yawo yakale yoti mtolankhani aliyense alembe dzina limodzi basi. Mkangano wa mu 2015 ndi umene umasonyeza bwino maganizo awo. Park Byung-ho wa Nexen Heroes anamenya ma home run 53, pomwe Eric Thames, wa ku America wosewerera NC Dinos, anamenya 47 ndi kuba ma base 40 (kuthamangira pa malo oimapo otsatira mnzake asanamenye mpira), zomwe zinali zisanachitikepo mu ligi imeneyi. Mwa mavoti 99, Thames anapeza 50 ndipo Park anapeza 44. Timu yomwe inatsogola pa ligi chaka chimenecho inali Samsung Lions, chikho chinapita ku Doosan Bears, koma mpikisano weniweni wa mphoto unali pakati pa anthu awiri a matimu ena. Zinachitikanso mu 2023, pomwe woponya mpira Erick Fedde anapambana masewera 20 ndi kutenga mavoti 102 mwa 111, timu yake ya NC itathera pa nambala 4. Pa mfundo iyi yokha, ndikuona kuti a ku Korea amayeza munthu ndi muyeso woyenera.

Komatu nawonso ali ndi pawo pomwe pamadontha. Ku Japan analekanitsa zinthu momveka bwino: mphoto ya Best Nine ndi ya wosewera wabwino koposa pa malo aliwonse m'bwalo, pomwe Golden Glove ndi ya luso lowakha ndi kutchinga mpira lokha. Ku Korea, Golden Glove imanyamula dzina la golovesi koma kawirikawiri imapita kwa yemwe wamenya mpira mwamphamvu, ndipo zinatenga mpaka chaka cha 2023 kuti ligi ikhazikitse mphoto yapadera ya otchinga. Palinso bala la mu 2012 lomwe silinapolebe. Brandon Knight wa Nexen anapambana masewera 16 ndi avereji ya zigoli 2.20, yomwe inali yotsika kuposa ya wina aliyense, pomwe Jang Won-sam wa Samsung anapambana 17 ndi avereji ya 3.55, koma Golden Glove ya oponya inapita kwa Jang ndi mavoti 128 kwa 121. Otsatira masewera ambiri anaona kuti chomwe chinagwetsa Knight si dzanja lake ayi, koma kukhala mlendo.

Mphoto yomwe imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya Sawamura ku Japan, yomwe yakhala ikuperekedwa kuyambira mu 1947 pokumbukira Eiji Sawamura, woponya mpira yemwe anafa mu 1944 sitima yonyamula asilikali yomwe anakwera itamizidwa. Masiku ano osankha si atolankhani koma kagulu kochepa ka akatswiri akale oponya mpira, ndipo kwa zaka zambiri ankayang'ana miyeso isanu ndi iwiri, kuphatikizapo kupambana masewera 15, kuponya ma inning 200 ndi kumaliza wekha masewera 10. Akuluakuluwa akaona kuti palibe wafikapo amangobweza mphotoyo m'kabati, monga anachitira mu 2019 ndi mu 2024. Kulimba mtima koteroko n'kosiririka, koma pali kusalungama kobisika, chifukwa aphunzitsi a lero amatulutsa woponya msanga pofuna kuteteza chigongono ndi phewa lake, motero achinyamata amalangidwa chifukwa chomvera malangizo. Mphoto yofanana nayo ku Korea, ya Choi Dong-won, yemwe anapambana masewera anayi pa ndime yomaliza ya chikho mu 1984 ali ku Lotte Giants, inayamba mu 2014 ili ya nzika zokha, ndipo itatsegulidwa kwa alendo mu 2018, Josh Lindblom anaitenga zaka ziwiri zotsatizana.

Pomwe mayiko awiriwa amafanana ndi pa kubisa ovota. Ku America, bungwe la atolankhani a baseball limaonetsa poyera momwe aliyense wavotera pa MVP, koma ku Tokyo ndi ku Seoul anthu amangouzidwa ziwerengero. Mu 2022 Munetaka Murakami anamenya ma home run 56 ndipo ovota onse anamuika pamwamba, choncho kunalibe chofunsa. Ku Korea chaka chomwecho, Lee Jung-hoo, yemwe bambo ake Lee Jong-beom anatenga mphoto yomweyi mu 1994, anapeza mavoti 104 mwa 107. Voti imodzi inapita kwa mnzake wa timu imodzi, An Woo-jin, ndipo awiri otsalawo anapita kwa Lee Dae-ho uja wa ku Busan, yemwe chaka chimenecho ankatsanzika masewera ali ndi zaka 40. Mwina kunali kupereka ulemu kwa mkulu wopuma pantchito, koma atolankhani awiriwo sanakakamizidwe kufotokoza, popeza mayina awo sanaululidwe poyera.