Tikiti ya ndege siigula mudzi wa eni

Ndakwiya abale anga, ndipo sindibisa. Dzulo madzulo tinali pa msonkhano wokonzekera ulendo wa gulu lathu wopita ku Rome. Tilipo anthu 32. Mayi amene akutitsogolera, munthu wamkulu komanso wofatsa, amene wakhala akuthamanga ndi mapepala athu kwa miyezi isanu, anaimirira n'kutikumbutsa kuti tsiku lokalowa m'tchalitchi cha St Peter's ku Vatican aliyense adzavale chobisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe, ndipo abambo adzavule zipewa. Asanakhale pansi n'komwe, bambo wina kumbuyo uko anayankha ali chikhalire, manja m'thumba: "Ndalama ndalipira ndine. Kumeneko kukakhala kukutentha, ine ndikavala kabudula. Palibe wondiuza chovala." Ena n'kumaseka. Ena mpaka kuwomba m'manja.

Kuwomba m'manja, zoona? Pa mwano woterewu?

Bambo inu, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Mwalipira mpando wa m'ndege ndi bedi la ku hotelo, basi. Simunagule Rome. Simunagule tchalitchi chimene eni ake anayamba kumanga mu 1506 n'kudzachitsegulira mu 1626. Mukupita kwa eni. Kwa eni kulibe mkuwe. Mlendo amafika pakhomo, n'kuodira, n'kudikira kuti auzidwe pokhala. Safika n'kuyamba kulongosolera eni nyumba mmene azikhalira m'nyumba mwawo.

Ndipo lamulo lake n'lovuta pati? Kubisa mapewa ndi mawondo kwa maola awiri. Thalauza lopepuka limodzi, mpango umodzi m'chikwama. Polowera m'tchalitchimo salipiritsa n'komwe, chimene akukupemphani ndi ulemu wokha, inu n'kumati ayi. Kaya ndi matama a ndalama, kaya ndi mavidiyo a pa TikTok amene akusokoneza anthu mitu, zilibe kanthu. Mwano ndi mwano.

Chikundipweteka kwambiri n'choti simukupita nokha. Mukanakhala nokha ndikanangoti pitani akakubwezeni, mukaphunzire. Koma tili pa gulu. Tidzaima pamzere wautali padzuwa pabwalo paja, tidzadutsa pa makina ofufuza katundu, ndiye tikafika pakhomo alonda akubwezeni chifukwa cha kabudula. Kenako? Mayi aja asankhe: asiye ena tonse kuti atsale nanu panja, kapena akusiyeni nokha mumzinda umene simudziwa ngakhale moni wake. M'gulu lathu muli agogo amene asunga ndalama zaka zambiri kuti adzaone malo amenewa kamodzi kokha asanamwalire. Tsiku lawo liwonongeke chifukwa mawondo anu akufuna mphepo? Ndipo alonda aja sadzakumbukira dzina lanu. Adzakumbukira mipango yofanana imene tonse tidzavale m'khosi, adzakumbukira gulu, adzakumbukira kumene tachokera. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Wokana za kabudula lero ndi yemweyo adzatulutse foni mu Sistine Chapel, katchalitchi kotchuka ka ku Vatican komweko, mmene kujambula n'koletsedwa ndipo amafuna anthu akhale chete. Ndi yemweyo adzakhale pansi pa masitepe otchuka a mu Rome otchedwa Spanish Steps n'kumadya, pomwe chiyambire 2019 apolisi amathamangitsa okhala pamenepo ndipo chindapusa chake chimatha kukwana ma euro 250. Ndi yemweyo adzavule nsapato kuti aviike mapazi mu kasupe wa Trevi. Akadzagwidwa adzayang'ana ife kuti tisonkhe. Ine ndaneneratu, sindidzasonkha ngakhale senti imodzi.

Wina atandiona nditakwiya anati, "Musakhale ouma mtima, munthu ali ndi ufulu wake." Ufulu ali nawo, inde: ufulu wotsala. Palibe amene anamukoka dzanja kuti alembetse. Walira mvula walira matope. Ukafuna kuona za eni, umalandira ndi malamulo a eni omwe. Suyenera kugwirizana nawo mumtima, suyenera ngakhale kuwamvetsa, koma ukalowa pakhomo pawo umawatsata. Bambo omwewo, mlendo atabwera kwawo n'kuika mapazi patebulo, n'kunena kuti wabwera ndi mphatso ndiye achita zimene akufuna, angamusekerere? Angamuwombere m'manja? Bwanji akufuna kukachita kwa ena zimene iwo sangazilole pakhomo pawo?

Kukonzekera ulendo si kugula sutikesi yatsopano ndi magalasi a dzuwa kokha. Ndi kukhala pansi n'kufunsa kuti kumene tikupitako amavala bwanji, amapatsana moni bwanji, n'chiyani chimawakhumudwitsa. Mayi aja anatichitira kale ntchito yonseyi, anatilembera patsamba limodzi, n'kutitumizira pa WhatsApp. Tsamba limodzi lokha! Ambiri sanalitsegule n'komwe. Safunsa anadya phula.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi izi. Tinauzidwa kalekale kuti pasipoti iyenera kudzakhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Italy, amene amalowedwa ndi viza imodzi), apo ayi viza sapereka. Dzulo lomwelo anthu awiri ndi pamene amatsegula mapasipoti awo koyamba, n'kupeza kuti akutha patangopita milungu iwiri titabwerako. Mayina awo ali kale pa mndandanda wa mahotelo, ndipo tsopano akufuna gulu lonse lisinthe masiku a ulendo.