Sinowo imagwera tonse, fosholo ndi ya wokhala pansi

Abale anga a kuno ku Calgary, ku Canada, ndiloleni nditulutse zakukhosi, chifukwa ndikazisunga zindidwalitsa. Lachiwiri m'mawa ndikuchokera ku naiti, miyendo itatupa, ndinapeza eni nyumba ataima pakhomo panga ndi pepala m'manja. Moni panalibe. Akuti khonsolo inatumiza anthu kudzapala sinowo pakanjira ka oyenda pansi ka kutsogolo kwa nyumba, bilu yafika kwa iwo, ndiye ndalamayo ndibweze ine pamodzi ndi lendi ya mwezi wamawa. Kenaka anaonjezera kuti anthu ngati ife timangobwera kuno osadziwa kukhala ndi anthu. Anayankhula zimenezi mwana wanga ali pomwepo, chikwama cha kusukulu kumsana, akumanga zingwe za nsapato. Pamaso pa mwana wanga.

Lamulo lopala sinowo pakanjira ndikulidziwa, asandiphunzitse munthu. Sinowo ikasiya kugwa muli ndi maola 24 oti mupale kanjirako mpaka simenti ioneke. Mukapanda kutero wina amaimba 311, nambala ya foni ya khonsolo, wa khonsolo amabwera kudzaona n'kusiya pepala la chenjezo, ndipo mukapitirizabe kunyozera amatumiza anthu awo kudzapala. Bilu yake siichepera madola 150 ndipo imapita kwa mwini nyumba. Palinso chindapusa: 250 koyamba, 500 kachiwiri, 750 kachitatu m'miyezi 12 yomweyo. Ndipo ine lamuloli sindilimbana nalo ayi. Ntchito yanga ndi yosamala okalamba. Ndimasambitsa agogo amene anaterereka kamodzi kokha pakanjira kosapala, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimenso okha. Munthu wa pa njinga ya olumala akapeza kanjira katatsekeka amalowa mumsewu wa galimoto. Kanjira kazipalidwa, inde. Koma lamulo lomwelo limatchula mwini nyumba ndi okhalamo. Silinena kuti mayi wa m'besimenti yekha.

M'nyumba muno tili mabanja awiri. Pamwamba pali anyamata atatu amphamvu zawo, aliyense ndi galimoto yake. Pansi pano pali ine, mwana wanga, ndi mng'ono wanga amene amagona naye ndikakhala ku naiti, iyenso kukacha amathamangira kusukulu kenaka kuganyu. Eni nyumba amakhala dera lina kutali, amatulukira tsiku la lendi basi. Pa mgwirizano umene ndinasaina palibe ngakhale liwu limodzi lonena za sinowo, ndauwerenganso kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nanga ntchitoyi inakhala bwanji yanga? Inakhala yanga chifukwa tsiku lina ndinaona mayi akulimbana ndi kangolo ka mwana pakona pathupa, ndinamva chisoni, ndinakagula fosholo ndi ndalama yanga n'kupala. Kuyambira pamenepo aliyense anangoti ameneyu ndiye wopala wathu.

Ndiponso nyumbayi ili pakona. Amene mukufunafuna nyumba mverani: pakona ndiye kuti tinjira tiwiri, kutsogolo ndi m'mbali monse mpaka kumpanda wa kuseri. Anzanu amaliza kalekale akumwa tiyi, inu mukadali pakati.

Pepala la chenjezo lija analisiya kukhomo la kutsogolo, khomo la anyamata aja. Khomo langa lili m'mbali, kutsika masitepe. Iwo analiona, analidumpha, mwina kulipondanso, osagogoda n'komwe kuti achemwali kwabwera pepala. Sabata imeneyo ine ndinali pa mashifiti ophatikiza chifukwa anzathu ambiri anadwala chimfine. Ndinkafika kunyumba maso akuyaka, kugona pang'ono, kudzuka kuphikira mwana, kubwerera. Iwowo amapala pozungulira magalimoto awo pokha, sinowo yake n'kumaikankhira kumasitepe anga. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, akukolopa galimoto mpaka kuwala, mapazi ake ataponda pakanjira kamene sangakapale ngakhale mita imodzi.

Koma bilu ikabwera ndiye anthu ngati ife. Pamaso pa mwana.

Ndiye pali mphepo ija ya Chinook imene anthu amaiyamikira. Inde kumafunda, dzulo unali pa madigiri 20 pansi pa ziro lero wavula jekete. Koma sinowo ya padenga imasungunuka, madzi n'kutsika ndi paipi imene eni nyumba anaisiya itaduka, n'kuyenderera pakanjira. Usiku kukazizira onsewo amaundana, gwa! Pamenepo fosholo siigwira, pamafunika chitsulo chogobera, kugoba pang'onopang'ono mpaka mapewa kuphwanya, zala zitafa dzanzi m'magolovesi. Mchere nawo kukazizira kwambiri sugwira ntchito, umangokhala pamwamba. Amati mchenga wosakaniza ndi mchere umapezeka waulere kumalo ena a ozimitsa moto, bwerani ndi ndowa yanu. Chabwino, koma wopanda galimoto ndowa ya mchenga akwera nayo bwanji basi? Za paipi ija ndinawauza eni nyumba chisanu chisanayambe. Anati aona. Mpaka lero akuonabe, koma lendi sanaiwale kukweza, poti kuno m'chigawo cha Alberta kulibe malire a mlingo wokwezera, bola chaka chikwane.

Neba amene anaimba 311 sindikumudziwa, ndipo sindinamizira munthu. Koma pali bambo wina pafupi pano amene ali ndi makina opalira sinowo. Amayenda nawo mpaka pamalire enieni a nyumba yake ndi yathu, n'kutembenuka ngati pali mpanda wa moto. Amandiona ndikutsika basi m'mawa ndi yunifolomu, amandiona ndikuwerama ndi fosholo ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Mzinda womwewu uli ndi pologalamu ya Snow Angels yolimbikitsa anthu kupalira anzawo amene sangathe. Sindikupempha kuti andipalire. Ndikungoti aliyense amene anatola foni uja akanayamba wagogoda. Kugogoda kokha. Kodi ndi ndalama zingati?

Msuweni wanga wa ku Ottawa amadabwa ndikamamuuza, akuti kwawoko tinjira timapalidwa ndi khonsolo, ku Montreal chimodzimodzi. Dziko limodzi lomweli. Ndiye wobwera kumene angadziwe bwanji, ngati ngakhale a kuno malamulo ake amasiyana mzinda ndi mzinda? Pabwalo la ndege palibe amakuuza. Mwini nyumba popereka makiyi amakuonetsa pothira zinyalala ndi potsegulira magetsi, za fosholo zii.

Nanunso a Malawi anzanga muli ndi mlandu. Sinowo yoyamba ikangogwa mu Okutobala, zithunzi mbwee pa Facebook, zipewa zofiira, manja m'mwamba. Palibe amajambula msana wake mu Malichi, pamene imagwa yonyowa ija yolemera ngati mchenga wa kudambo, kapena mu Epulo pamene ikugwabe. Palibe anajambula usiku uja wa mu Januwale 2024, pamene mafoni athu onse analira kutichenjeza kuti tichepetse kugwiritsa ntchito magetsi kuopa kuti azima, kunja kukuzizira kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro. Ndiye kumudzi amaona zithunzi zokhazo, uthenga n'kubwera: alamu fetereza wakwera, azakhali fizi, achemwali foni yanga yafa. Ndimatumiza, ndipo sindidandaula kutumiza. Koma madola 150 amenewa anali a fetereza wa amayi. Sanali a anyamata atatu amene sangagwire fosholo.

Ndipo ndalama si imene ikundisowetsa tulo. Ndalama ndipeza, nditenga shifiti ina. Ndi mawu aja. Osadziwa kukhala ndi anthu, ine? Ndinakulira ku Ntcheu m'nyumba ya mayi amene tambala akangolira tsache linali kale m'manja, kusesa bwalo lathu ndi la agogo oyandikana nawo amene maso anali atafooka, popanda wowatuma. Ine amene usiku wonse ndimatembenuza makolo a anthu a dziko lino kuti asachite zilonda pabedi, kuwapukuta, kuwamwetsa madzi ndi supuni, ndine amene sindidziwa kukhala ndi anthu?

Lachinayi sinowo inagwanso. Mng'ono wanga anandiimbira ndikadali kuntchito, kunja kusanache, mawu akunjenjemera. Akuti anadzuka n'kupeza bedi la mwana lilibe munthu. Anamupeza panja, mumdima, wavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, akukankha fosholo yotalika kuposa iye. Atamufunsa anati sakufuna kuti bambo aja adzakalipirenso amami. Mwana wa zaka 9. Ndinalowa m'chimbudzi cha kuntchito n'kulira mpaka mnzanga anabwera kudzagogoda.

Ndinabwera kuno kuti mwana ameneyu aphunzire, akule mutu uli m'mwamba. Sindinabwere kuti adziwe ali wamng'ono chonchi kuti amayi ake angathe kunyozedwa pakhomo pawo iwo n'kukhala chete chifukwa choopa kusowa pogona m'nyengo ya chisanu. Ndinakhala naye pansi madzulo ake n'kumuuza kuti sanalakwe, inenso sindinalakwe, ndipo fosholo si katundu wake. Eni nyumba ndawalembera kalata: bilu ija sindilipira, ngati akuona kuti ndili ndi mlandu akandisumire ku ofesi yoona za mikangano ya eni nyumba ndi alendi, ndikayankha komweko. Kanjira ndizipalabe ndikakhalapo, chifukwa odutsapo sanandilakwire.

Amayi sindinawauze, angadandaule mpaka BP kukwera. Ndangowauza kuti fetereza achedwa pang'ono, ndiponso kuti sukulu zikadzatsekera kumapeto kwa Juni ndikufuna mdzukulu wawo adzakhale nawo miyezi iwiri yonse ya tchuthi, adzaone mtundu wa anthu amene anachokerako. Ndayamba kale kusunga ya tikiti. Mgwirizano wa nyumba ino ukutha mu Meyi. Amene mukudziwa besimenti ya zipinda ziwiri chakumpoto chakum'mawa kuno, pafupi ndi CTrain (sitima ya mumzinda muno), yosakhala pakona, mundiuze chonde.