Galamala ya Chingerezi ili patsamba lakumbuyo la nyuzipepala

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, ine ndili ndi mlandu ndi ziganizo zimene timapatsa ana pophunzitsa Chingerezi. Zambiri ndi zakufa. "The boy is going to the market." Mnyamata wake uti? Akukagula chiyani? Palibe akudziwa ndipo palibe zikumukhudza. Mwana amadzaza mpata, ife timachonga, belu likalira chiganizo chija chatsala padesiki pomwepo. Koma mwana yemweyo madzulo mukamupeza kuvidiyo, ali pabenchi, mitsempha ya pakhosi ili njo, kutsutsana ndi anzake ngati chigoli cha Arsenal chinali ofusayidi kapena ayi. Amadziwa "aggregate", amadziwa "on loan", amadziwa "goal difference". Palibe anamulembetsapo notsi za zimenezi.

Maganizo anga ndi akuti gawo lalikulu la galamala imene timalimbana nayo kuyambira kupulayimale mpaka Fomu 4 tikhoza kuliphunzitsa ndi nkhani zenizeni za masewera, makamaka za osewera athu. Ndipo tisaiwale chimene chili pachiswe: ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale masamu ndi sayansi ukhoze bwanji.

Ndisanapite patali, sindikunena zongosintha dzina ayi. "Messi is going to the market" ndi chiganizo chakufa chomwe chija, changovala jezi. Ndikunena nkhani yoona, ya chaka chodziwika ndi zigoli zodziwika, yoti mneni akalakwika nkhaniyo imasanduka bodza, ndipo mwana mwiniyo amadzuka n'kunena kuti "sizinali choncho, sala."

Tiyambe ndi vuto limene aliyense wophunzitsa mwana woyankhula Chichewa amalidziwa: kusokoneza "he" ndi "she". Mwanayo si wopusa. Chiyankhulo chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndiye khutu lake silinazolowere kuimirira pamenepo. Mukhoza kulemba lamulo pabolodi teremu yonse, adzalakwitsabe. Koma mupatseni ndime imodzi yokamba za Gabadinho Mhango ndi Tabitha Chawinga nthawi imodzi, mayina muwatchule kamodzi kokha poyamba, kenako pakhale "he" ndi "she" basi. Ndiye mufunse kuti anagoletsa zigoli 23 ku Inter n'kukhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2022/23 ndani. Kuti ayankhe, akuyenera kutsatira kamawu kakang'ono kaja mzere ndi mzere. Wina akalemba "he" pa Tabitha, atsikana a m'kalasimo amukonza inu musanatsegule pakamwa.

Mng'ono wake, Temwa, amatithandiza pa nthawi za aneni. Mu 2024, akusewera ku Kansas City Current, anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL ku America, kudutsa 18 za Sam Kerr zimene zinali rekodi, n'kusankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse m'chakacho. Chaka chimenecho chinatha, chinatsekedwa, ndiye "she scored twenty goals in 2024". Koma ligi ili mkati, zigoli zikadawerengedwabe, ndi "she has scored". Ana ambiri kusiyana kumeneku amangokuloweza ngati nyimbo ya pamtima, pomwe tebulo la ligi limakuonetsa poyera. Lembani tebulo la Super League pabolodi Lolemba m'mawa, magemu oseweredwa, owina, olepherana, ogonja. Funsani kuti Bullets yasewera kangati mpaka pano, kenako funsani kuti Loweruka lapitali zinatha bwanji. Mafunso awiriwo akufuna aneni awiri osiyana, ndipo mwana wa Manoma sangalole kuti mnzake wa Maule aname.

Pali cholakwika china chimene ngakhale akuluakulu a matayi timachimva nacho: "we won them". M'Chingerezi umawina gemu kapena chikho, koma timu inzako umai-"beat". Nkhani yophunzitsira zimenezi tili nayo yokoma kwambiri, ya ku Luanda mu January 2010, pamene Flames ya Kinnah Phiri inathibula Algeria 3-0 pa chikho cha Africa. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndi amene anamwetsa, ndipo Algeria imeneyo inali itapeza kale malo ku World Cup ya ku South Africa chaka chomwecho. "Malawi beat Algeria." "Malawi won the match." "Algeria were beaten by Malawi." Mu ziganizo zitatu mwaphunzitsa aneni awiri ndi passive voice, mwauzanso mwana wobadwa 2012 mbiri imene mwina sanaimvepo.

Koma pamene ndimaona kuti njira imeneyi ilidi ndi mphamvu ndi pa ziganizo za "if". Third conditional ndi mutu umene umagonetsa kalasi. "If" kuphatikiza "had" kuphatikiza past participle, mbali inayo "would have". Ana amakopera, maso ali pawindo. Chonsecho palibe mtundu wa anthu umene umagwiritsa ntchito chiganizo chotere kuposa ochemerera mpira. Kumbukirani usiku uja wa January 2022 ku Yaoundé, Flames itafika koyamba mu ndime ya matimu 16. Mhango anaponya mzinga wa patali zedi gemu itangoyamba, goloboyi wa Morocco, Bounou, n'kungouona ukulowa. En-Nesyri anabweza ndi mutu hafu yoyamba ili pafupi kutha, kenako Hakimi anatimaliza ndi firikiki. Zinatha 2-1. Kutacha, m'minibasi, pamsika, pamjigo, dziko lonse linali pa "tikanati": tikanalimba mpaka kukapuma, akanapanda kuchita faulo pamalo paja, tikanapeza chachiwiri msanga. Ganizolo mwana ali nalo kale m'mutu. Chimene akusowa ndi kamangidwe kake m'Chingerezi basi.

Ndinalembapo pabolodi kuti "If Hakimi had missed the free kick, the match would have gone to extra time." Mnyamata wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri sayankhula, anakweza dzanja. Anati chiganizocho chikunama, chifukwa panali patatsala mphindi zambiri ndithu, ndipo Morocco inali ikutipanikiza, ikanatha kugoletsabe china. Ndinamufunsa kuti ndiye tilembe bwanji. Kalasi inakangana mpaka mtsikana wina anati tichotse "would" tiike "might". Kusiyana kwa "would have" ndi "might have" ine sindinakonzekere kukuphunzitsa tsiku limenelo. Anakufukula okha chifukwa gemuyo inkawawawabe.

Za kuyerekeza sindichedwapo, n'zosavuta. Berlin, 2009, mamita 100: Asafa Powell 9.84, Tyson Gay 9.71, Usain Bolt 9.58. "Fast, faster, fastest." Mwana amene amalemba "more faster" mumupatse manambala atatuwo apange ziganizo, aonenso yekha kuti pa mpikisano wothamanga nambala yaing'ono ndiyo yopambana. Ena zimenezo zimawadabwitsa kuposa galamala yomweyo.

Tsono kumvetsa nkhani. Apa ndi pamene timachita ulesi kwambiri. Mafunso athu ambiri ndi oti mwana asake mawu a m'funso mu ndime, akawapeza akopere chiganizo chonse. Akhoza kukhoza osamva kanthu. Nkhani ya Eliud Kipchoge wa ku Kenya siilola chinyengo chotere. Pa 12 October 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42.195 mu 1:59:40, munthu woyamba kutsiriza mtunda wa marathon maola awiri asanakwane. Koma nthawi imeneyo sinalembedwe ngati rekodi ya dziko lonse. Sunali mpikisano wotsegukira aliyense. Anali ndi othamanga 41 omuperekeza amene ankalowa ndi kutuluka mosinthana, kumutchingira mphepo. Kutsogolo kunali galimoto younikira pamsewu kuwaonetsa liwiro loyenera. Zakumwa ankapatsidwa ndi anthu a panjinga. Lembani zonsezi m'Chingerezi chosavuta, koma osalemba paliponse chiganizo chonena chifukwa chake. Ndiye mufunse: "Why was the time not recognised?" Apa mwana akuyenera kutolera mfundo zinayi zobalalika n'kuzimanga ndi "because". Funso lomaliza likhale lakuti kodi iyeyo akuona kuti zinali zachilungamo. Mudzamva "although", "however" ndi "even though" zikutuluka, zopindika pang'ono inde, koma zikugwira ntchito yake yeniyeni, yolumikiza maganizo awiri otsutsana amene mwanayo ali nawo onse.

Wina anena kuti mabuku a nkhani za masewera alipo kale m'malaibulale ena, aja obwera m'makatoni kuchokera kunja. Alipodi, ndipo sindikunyoza mphatso. Koma tsegulani muone: baseball, ice hockey, kutsetsereka pa chipale. Mwana wa ku Ntcheu akuyenera kulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chiyankhulo chachilendo ndi masewera amene sanawaonepo. Mutu ukamavutika kujambula chithunzi cha bwalo, mphamvu yotsatira aneni imatha. Mupatseni nkhani ya bwalo limene amalidziwa, mtolo utsale umodzi.

Pali zotsutsa zina zimene ndimazilemekeza. Choyamba, si mwana aliyense amakonda mpira, ndipo mphunzitsi wosasamala akhoza kusandutsa phunziro la Chingerezi kukhala bwalo la anyamata asanu a phokoso, ena onse ali duu. Zimenezo n'zoona, ndipo mankhwala ake ndi kusankha nkhani mwanzeru. Dziko lino mbiri yake yaikulu pa masewera ili m'manja mwa amayi. Queens, timu yathu ya ntchemberembaye, inagonjetsa New Zealand 57-53 pa Commonwealth Games ku Gold Coast mu 2018. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Cup ya ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Scorchers, timu yathu ya mpira wa miyendo ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Anansi athu a ku Zambia nawo ali ndi Barbra Banda pa mpira wa amayi, ali ndi mnyamata wothamanga Muzala Samukonga amene anatenga mendulo ya bulonzi pa mamita 400 ku Paris mu 2024. Ngati mu teremu yonse ndime zanu zonse ndi za Premier League, vuto ndi inu, osati njirayi. Ndipo amene masewera sawakonda konse, sabata ina muwabweretsere za nyimbo kapena za ulimi. Sindikuti mpira ulowe m'malo mwa silabasi.

Chinanso, Chingerezi cha owulutsa mpira pa TV si cha mayeso. "Salah. Still Salah. Oh, what a finish!" Mulibe chiganizo chathunthu mmenemo. Mitu ya nkhani m'nyuzipepala nayo imadula mawu, imakamba za dzulo ngati zikuchitika lero: "Flames fall in Yaoundé". Mwana akatengera zimenezo m'chimangirizo, cholembera chofiira chimutha. Koma ine ndimaona ntchito ina yabwino pamenepa: mupatseni mutu wa nkhaniwo autambasule ukhale chiganizo chokwanira, abwezeretse "the", aike mneni m'nthawi yoyenera. Mitu isanu ya patsamba lakumbuyo ndi ntchito ya mphindi khumi, yosafuna fotokope.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi cha kubetcha. Anyamata ambiri Chingerezi chawo cha mpira akuchitola pa mafoni a betting, "both teams to score", "over 2.5". Mphunzitsi asalowetse chiyankhulo chimenecho m'kalasi ngakhale mwa nthabwala. Nkhani zathu zikhale za anthu ndi zimene anachita, osati za ma odds.

Kuwerenga kokha sikukwana, alembenso. Sukulu zambiri zimakhala ndi gemu ya Lachisanu masana, kaya ya makalasi okhaokha kaya ndi sukulu yoyandikana nayo. Lolemba aliyense abwere ndi lipoti la ziganizo zisanu ndi zitatu: anasewera ndani, zinatha bwanji, chinasintha gemu n'chiyani, chikanachitika n'chiyani zikanakhala mwina. Kalasi ikakhala ya ana 90, musadziphe ndi kuchonga zonse. Asinthane makope, inu musankhepo atatu muwerenge mokweza. Wosewera amene wanamiziridwa kuti anaphonya penate adzakonza yekha chiganizocho. Makolo nanunso muli ndi gawo losalira ndalama zambiri. Nyuzipepala ya dzulo ya ku ofesi, musanaipereke kwa ogulitsa mandasi, ng'ambani tsamba lakumbuyo mupite nalo kunyumba. Mwana akuwerengereni, kenako akufotokozereni m'Chichewa zimene wamva. Akatha kufotokoza bwino m'chiyankhulo chake, ndiye kuti wamvadi, ndipo inu simukufunika digiri kuti muzindikire zimenezo.

Chenjezo limodzi kwa amene muyambe kulemba ndime zanuzanu: ikani chaka pa chilichonse, chifukwa nkhani za masewera zimakalamba msanga. Ndime yolembedwa kumapeto kwa 2022 inkanena zoona kuti Kipchoge "holds the world record", 2:01:09 imene anathamanga ku Berlin. Mu October 2023 Kelvin Kiptum anathamanga 2:00:35 ku Chicago, ndipo "holds" uja anayenera kusanduka "held". Ndime yakale yotero musaitaye. Ilembeni pabolodi mmene ilili, pambali pake lembani za Chicago, muwauze ana apeze aneni onse amene tsopano akunama n'kuwakonza. Ena adzasintha aneni onse mwachisawawa, ngakhale "he comes from Kenya", ndipo mkangano wa chifukwa chimene ameneyo sakuyenera kusintha udzakudyerani piriyodi yonse.