Tsiku lokwera ndi lotsika sitima yapamadzi ndi lotopetsa

Mabanja a muno mu Lilongwe amene amasunga ndalama chaka chonse kuti akasangalale ndi ana pa sitima yapamadzi yochokera ku Durban kupita kugombe la Mozambique amauzidwa za zakudya ndi maiwe osambiramo, koma za tsiku lokwera ndi lotsika palibe amene amawafotokozera.

Poti ulendo wa pandege wochokera ku Lumbadzi umadzera ku Johannesburg, munthu wosamala amafika ku Durban dzulo lake n'kulipira malo ogona, chifukwa sitima sidikira wochedwa. Padoko amakulandani masutikesi, mumaima pamzere wa mapasipoti, ndipo mukalowa mumapeza kuti chipinda chanu chikhala chokonzeka masana. Apo ana atopa, zovala zawo zosambira zili m'chikwama chimene sichinafike, ndipo musanapume n'komwe mumaitanidwa kukaphunzira za kudzipulumutsa pangozi.

Koma chondikwiyitsa kwambiri ndi kutsika. Katundu amafunika kuikidwa panja pa chitseko usiku womaliza, choncho kholo limene laiwala kupatula zovala za mwana limazindikira kutacha, chikwama chitapita kale. M'chipinda amakutulutsanimo m'mamawa kuti akonzere alendo ena, kenako mumakhala m'holo ngati amayi kusikelo, kudikira kuti aitane mtundu wa chizindikiro chimene chamangidwa pa sutikesi yanu. Mukamafika ku Johannesburg nthawi zambiri ndege ya ku Lilongwe imakhala itanyamuka kale, ndiye mumalipiranso chipinda china, chonsecho ndalama zinathera m'sitima.